Beseni la Mkamwana Wanga

Usilikali unandipeza ndikuyendetsa lole ya chimanga kwathu ku Ntcheu. Malume anamva pa wailesi kuti akufuna anyamata odziwa chiwongolero, basi anandikokera ku bwalo komwe ankathamangitsa anthu. Ndinathamanga, ananditenga. Nditamaliza maphunziro ananditumiza kumpoto, ndipo mpaka lero ndili ku Chilumba konkuno.

Ntchito ya dalaivala wa asilikali imayamba injini isanalire. Umasolola kandodo koonera oyilo, umasuzumira madzi mu rediyeta, umagogoda matayala ndi sipanala, jeke ikhalepo, buleki igwire. Kenako anthu amakwera kumbuyo ndi mfuti zawo, moyo wawo uli m'manja mwako. Ndinkanyada nayo ntchitoyi, osanama.

Tulo tinayamba kundizembera nditakula. Ndinkagona mokwanira, koma kudzuka mutu ukuwawa, kukhosi kuli gwaa. Anzanga ankanditcha Jenereta chifukwa cha mkonono, ine n'kumaseka nawo. Tsiku lina tikudutsa ku Wovwe ndinangophethira, potsegula maso lole ili m'munda wa mpunga, matayala atamira m'matope. Palibe anavulala. Sajeni wathu anandiyang'ana nati, "Mphwanga, ukanakhala woledzera bwenzi ndikumvetsa. Koma tulo? Masanasana?"

Makiyi anandilanda, ndipo posakhalitsa ndinapuma ntchito. Manyazi ake ndinasiya kupita ngakhale kumsika, poopa kumva dzina lija.

Dokotala wina ndiye anandiuza kuti ndi matenda. Munthu ukagona njira ya mpweya imatsekeka, umasiya kupuma, thupi limadzidzimuka, ndiye tulo teniteni suutiona. Anati alipo makina ovala kumphuno okankha mpweya, ndipo popanda makinawo mtima udzatopa msanga. Ndinapempha akuluakulu a usilikali kuti andiike m'gulu la opuma ntchito chifukwa cha matenda, andithandize makinawo. Anakana, akuti mkonono si chilema ndipo umboni palibe. Anandiuza kuti ndikhoza kuchita apilo, koma ikakanika basi, nkhani yatha.

Pa apilo pamafunika lipoti la dokotala, mbiri ya ntchito yako, ndi mboni, munthu amene anakuonapo ukusiya kupuma. Apa ndiye panali pothina. Mkazi wanga anali atatisiya kale. Ndimakhala ndi mwana wanga Yamikani, amene amaswera pa kabaza, ndi mkazi wake Tumpale, Mnkhonde wogwira mwambo zolimba. Kwawo mkamwana sayang'anana ndi apongozi aamuna, salowa pomwe ali, dzina lawo satchula. Tikakumana panjira amakhotera kutchire.

Ine ndinkati bola choncho, chifukwa ndinkamuona wachipongwe. Masana aliwonse ndikangogona pakhonde, iye kuseri kwa nyumba ankamenya beseni, ngwee! ngwee! Ndinkamuuza Yamikani kuti, "Kamuuze mkazi wakoyo, ine si mbuzi yoingitsa m'munda."

Tsiku la apilo komiti inakhala ku boma la Karonga. Yamikani anangoti, "Tiyeni bambo, mboni ilipo." Ndinaganiza kuti akunena iye mwini. M'chipindamo munali wapampando, dokotala wamayi, ndi ofesala wina amene ndinamuphunzitsa ndine kubweza lole chambuyo ali mnyamata. Anandizindikira n'kuyang'ana kumbali. Ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Dokotala anafunsa kuti, "Inuyo mumadziwa bwanji kuti mumasiya kupuma, pomwe mumakhala muli mtulo?"



"Mboni ili panja, bwana," anatero Yamikani. "Koma singalowe muno."

Dokotalayo, wa kummwera, anakwinya nkhope. Wapampando anali wa konkuno. Anafunsa kuti, "Ndi mkamwana?" Atamva kuti inde, anauza ofesala uja kuti atsegule zenera.

Tumpale anali atakhala pansi kunja, pansi pa zeneralo, atafunda chitenje kumutu, atatipatsa msana. Aka kanali koyamba kumva mawu ake akunena za ine. Analankhula Chichewa chake chosakaniza, motsitsa.

"Eni khomo akagona amaliza mkonono, kenako zii. Ine ndimayamba nyimbo ya kutchalitchi chamumtima. Ndime ikatha iwo asanapume, ndimamenya beseni. Kuwagwedeza sindingathe, kuwaitana sindingathe. Beseni likalira amadzidzimuka, mpweya umabwerera."

"Zimachitika kawirikawiri?" anafunsa dokotala.

"Mpaka dzanja kutopa, mayi. N'chifukwa chake masana sindipita kumunda. Ndinawauza amuna anga, anati bambo ndi msilikali, sangamve zimenezo."

Yamikani anazyolika. Ine nkhope inatentha. Manyazi a ku Wovwe aja anachepa. Mwana wa eni ankasiya munda wake kuti azindilondera mpweya, ine n'kumamutumizira mawu a mbuzi, ndipo iye osaleka. Misozi yanga inatsika, ofesala amene ndinamuphunzitsa ntchito uja akuona, sindinaipukute n'komwe.

Komiti inanditumiza ku chipatala chachikulu. Kumeneko anandigoneka ndi kachipangizo pachala koyeza mpweya m'magazi ndi lamba pachifuwa. Zimene makina anapeza ndi zomwe Tumpale ananena pazenera. Apilo inatheka, makina a kumphuno ndili nawo.

Pa ntchito ndinaphunzira kufunsa lole chikuivuta n'chiyani ikangosintha kaliridwe. Kwa munthu wa pakhomo panga sindinafunse. Pano wina akandichita chondinyansa, ndimayamba ndafunsa chifukwa chake.

Kumuthokoza maso ndi maso mwambo sulola. Ndinagula beseni latsopano, ndinamupatsira Yamikani, chifukwa lakale lija linali litaphwanyika pansi ponse. Latsopanolo amachapiramo. Lakalelo sanataye, analikoleka pa msomali kuseri kwa khonde. Magetsi akazima masana makina anga amaima, ndipo pakapita kanthawi ndimamva ngwee!

Ndimadzuka, ndimapuma, n'kunena mokweza ngati ndikuuza mtengo wa mango uli pabwalowo, "Ndamva, mayi."