Khama la mdzukulu wanga

Mdzukulu wanga wamkazi ndinamulera ndekha kuno kwa Mlolo amake atamwalira. Atakwatiwa, anthu anayamba kumutama kuti ndi wakhama. Madzi osefukira akangophwa, iye ndiye ankayamba kubzala kudimba, n'kudumpha malire kukalima mwa aneba osapemphedwa. Tulo ankagona pang'ono koma osatopa. Polankhula ankayamba m'Chimang'anja n'kutsirizira m'Chisena, nkhani zitatu nthawi imodzi, ndipo ukamudula ankapsa mtima. Amayi a kutchalitchi ankati ndi mdalitso. Ine ndinkangoona minda ya otamawo ikupaliridwa ulere.

Ndinakayikira mwamuna wake kuti anamudyetsa mankhwala. Ndinakayikiranso apongozi ake. Ndinanunkhiza ngakhale zitenje zake kufuna fungo la chamba, koma ayi.

Tsiku lina anasiya khanda lake pamthunzi kudimba, n'kuthamangira kumsika kukagula mbewu ya munda umene anali asanaupeze n'komwe. Mwanayo ndinakamutola ine, nyerere zili m'miyendo. Apongozi aja anati amutenga mwanayo, wamisala salera mwana.

Ndinapita naye mdzukulu wangayo kuchipatala. Adokotala atamuyeza magazi n'kucheza naye, anatembenukira kwa ine. Anafunsa kuti zinayamba liti, komanso ngati amakhalako masiku ofooka, osafuna kudzuka. Ndinaopa kuti ndikanena zoona amutsekera, mwana n'kupita. Ndinati ndi khama chabe.

“Agogo,” anatero, akuika cholembera pansi, “vuto ili silioneka m'magazi. Amalidziwa ndi munthu amene wamuyang'ana zaka zambiri.”

Apo ndinawauza kuti madzi asefukira kanayi iye ali chomwechi, osatsikako. Sanamvepo mawu a anthu osaoneka, sanavulepo pagulu, njira ya kwawo saiiwala. Za khanda ndinanenanso.

Anati si misala imene ndinkaopayo. Ndi matenda a maganizo, amene amamukweza mtima n'kumusiya pamwamba pomwepo nthawi yonse. Mankhwala alipo, ndipo azimwera kunyumba. Ndinawapempha kuti mawu omwewo awanenenso pamaso pa apongozi. Mwezi wotsatira ndinabwera nawo, anamva okha.

Tsopano mwana ali kumsana kwa amake. Aneba akuti mtsikanayu wayamba ulesi. Mapiritsi ndimasunga ine, ndipo sindichoka asanameze.