Ralph Awombera ndi Makutu

Ralph Chisale anabwera ku London ali mwana, bambo ake atathawa ndale kwawo ku Malawi. Anakulira ku Tottenham, n'kukwatira Florence, nesi wochokera ku Zomba, ndipo anakhazikika ku Barking. Ankayendetsa basi mpaka matenda a shuga anamuwononga maso, n'kutsala akungoona mbuu. Atasiya ntchito anasiyanso kupita kutchalitchi, ati watopa ndi anthu omugwira mkono ngati wodwala. Florence akamapita kushifiti ankamusiya pa sofa, pobwera n'kumupeza pomwepo.

Nkhani ya mfuti inabwera ndi Bwalya, mnzake wa ku Zambia amene ankagwira naye ntchito. Anati chakufupi ndi Ilford kuli kalabu yowombera mfuti zampweya m'nyumba, ndipo osaona nawonso amawombera. Florence anakwiya, poganiza kuti akuseka mwamuna wake. Koma Ralph anapita, mwina pongofuna kuti Bwalya asiye kumuvutitsa.

Kalabuyo inali chipinda chachitali chonunkha oyilo. Mphunzitsi wake, mayi wachikulire dzina lake Peggy, anamuveka mahedifoni n'kumufotokozera kuti mfutiyo ili ndi kadiso koona chandamale: ukaloza pafupi ndi pakati, kaphokoso kam'khutu kamakwera. Tsiku loyambalo kaphokosoko kanangovinavina, ndipo palibe chimene anamenya. Peggy anamuuza kuti vuto lake si maso koma kupuma, pakuti ankawombera ali wefuwefu.

Anabwereranso sabata yotsatira, kenako sabata iliyonse. Anaphunzira kuponda bwino, kugwira mpweya, ndi kukoka chala pang'onopang'ono osati mogwedeza. Nyengo yozizira inatha asanayambe kumenya bwino, koma timabowo ta pakhadi ya chandamale tinayamba kuyandikana.

Loweruka lina Bwalya, amene ankamuperekeza kukalabuko, anasinthiridwa shifiti kuntchito. Florence pochokera kuchipatala anapeza m'nyumba muli zii, foni ya Ralph ili yozimitsa. Anaimbira Bwalya, amene anati iye sanamutenge. Florence anakwera basi ya ku Ilford, maso ali pawindo njira yonse, akuopa kuona ambulansi.

Atalowa m'kalabumo, Peggy anamukodola kuti asayankhule. Ralph anali ataima pamzere, ndodo yake yoyera ili pakhoma, thupi lonse lili duu. Mfuti inalira pang'ono chabe. Peggy anabweretsa khadi, ndipo Ralph anaisisita ndi chala mpaka anapeza kabowo pafupi ndi pakati.

Florence anakhala pabenchi.

"Mwabwera nokha?" anafunsa.

Ralph anatembenuka, atazindikira mawu. "Ndekha. Foni timazimitsa muno, pepani. Tadikirani pang'ono, ndatsala ndi khadi imodzi."

Florence anavula nsapato zakuntchito, n'kulandira kapu ya tiyi imene Peggy anamupatsa.