Mpendero wa Jekete ya Luntha

Effie Kachingwe ali ndi khalidwe limodzi limene mwana wake Luntha amachita nalo manyazi. Akalowa m'sitolo ya zovala ku Barking, dera lina la ku London, sayamba n'kuona mtengo ngati anthu ena onse. Amatenga chovalacho, n'kuchitembenuza, n'kuyamba kuyendetsa chala m'misoko yake. Akapeza ulusi wolendewera amapukusa mutu mwachisoni, ngati wosokayo ali pomwepo ndipo akumuona. Zikafika apo Luntha amakaima kutali, kumbali ya nsapato, kudziyesa mwana wa munthu wina.

Matendawa Effie anawatengera kusekondale ina ya atsikana ku Dedza, kwa mphunzitsi wake wa zosoka ndi zophika, Mayi Bessie. Mayiwa analibe nazo ntchito za kunja kwa chovala. Ankachitembenuza, ndipo msoko ukakhota pang'ono ankalemba ndi cholembera chofiira pakapepala mawu amodzi okha, akuti "Bwereza", n'kukabaya ndi pini pansaluyo. Thumba la epuloni yake ya fomu wani Effie analibwereza kasanu ndi kamodzi, misozi ili chuchuchu, akulumbira kuti sadzagwiranso singano moyo wake wonse. Koma lumbiro la mwana salitengera kumtima. Anapita kukoleji ya aphunzitsi ku Domasi, ndipo atamaliza anabwerera kusukulu yomwe ija, m'chipinda chomwe chija, kukalowa m'malo mwa Mayi Bessie.

Anaphunzitsa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mukamufunsa lero adzakuuzani kuti moyo wake weniweni unali umenewo. Makina osokera anali atatu okha, opalasa ndi phazi, pamene atsikana anali makumi anayi. Simbi inali yamakala. M'mwezi wa Juni zala zinkauma ndi kuzizira moti ulusi unkakana kulowa m'singano. Lachiwiri ankaphika masikono ndi kuphunzira kuyala tebulo, mafoloko kumanzere, ngakhale kuti ambiri mwa atsikanawo kwawo kunalibe foloko ngakhale imodzi. Lachinayi linali la zosoka, ndipo Effie ankayenda pakati pa madesiki, cholembera chofiira chili kukhutu, akumva "Madamu, taonani" kuchokera mbali zonse.

Mwamuna wake Newton, amene ndi namwino, atapeza ntchito ku London, Effie anamutsatira. Atsikana a fomu folo anamutsanzika ndi chitenje chobiriwira chokhala ndi mbalame zachikasu. Mbali zake ziwiri zodulidwa anazipinda okha pamanja, mtsikana aliyense kachigawo kake kotalika ngati chikhatho. Effie ankatha kuloza kuti apa anasoka uje, apa uje, chifukwa dzanja la mwana aliyense ankalidziwa. Chitenjecho sanachivalepo. Anachisunga pansi pa sutikesi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Kuno anamuuza kuti pepala lake la uphunzitsi likufunika maphunziro ena owonjezera. Anati achita chaka chamawa. Kenako Luntha anabadwa, ndipo chaka chamawacho mpaka lero sichinafike. Analowa ntchito yosamalira okalamba panyumba ina kufupi ndi kwawo, ndipo singano amaigwira akamasokerera timayina ta okalambawo pamakolala kuti zovala zisasokonekere kochapa. Ntchitoyi palibe anamutuma, anangoilanda. Anzake amamata timayinato ndi simbi, koma iye amati zomata n'zaulesi. Amasoka mayina a anthu amene ena mwa iwo anaiwala kale mayina awo, ndipo palibe amene amatembenuza kolala kuti aone mmene wasokera.

Ndiye tangoganizani chimwemwe chake tsiku limene Luntha, ali ndi zaka khumi ndi zisanu, ananena kuti pa mayeso ake a kusekondale otchedwa GCSE wasankha phunziro la nsalu ndi kukonza zovala. Effie anapukuta makina ake amagetsi, anagula singano zatsopano, nakhala tcheru kudikira. Anadikira chaka chathunthu. Mwanayo sanafunse kanthu. Akakanika pena ankatsegula foni, n'kumaonera mtsikana wina wa ku Korea akusoka, mayi ake ali pomwepo pampando winawo, manja akuwayabwa. Effie akangoti ayambe kunena za kagwiridwe ka sizasi, yankho linali lachizungu ndiponso lalifupi, lakuti aphunzitsi awo, bambo wina dzina lake Roy, sachita choncho. Zoti mwamuna n'kuphunzitsa zosoka sizinamudabwitse, poti matelala a pakhonde kwathu ndi amuna. Chinkamuwawa n'choti munthu wachilendo ndiye ankamva "taonani" wa mwana wake.

Anadandaulira Winfrida, mnzake wa ku Zambia amene amagwira naye ntchito, pa nthawi ya tiyi. Winfrida anaseka mpaka kutsamwa.

"Iwe Effie, bana ba kuno sibafuna kuuziwa. Uzimupasa chabe vakudya na Oyster card yokwelela basi, kwasila."

Effie anaseka nawo, koma mumtima sizinathe.

Chaka chachiwiri Luntha anafunika kusoka chovala chachikulu cha mayeso, ndipo anabwera kudzapempha chitenje. Anati akufuna nsalu ya ku Malawi yeniyeni, osati zogula m'masitolo a kuno ku Peckham. Kanali koyamba kupempha mayi ake chinthu chokhudza zosoka. Effie sanaganize kawiri. Anatsitsa sutikesi, natulutsa cha mbalame zachikasu chija, akuganiza kuti tsopano akhala pansi awiriwiri, ayeze, alembe ndi choko, adule limodzi. Anayamba kufotokoza za atsikana a fomu folo aja, koma mwanayo anali atachipinda kale n'kuchiponya m'chikwama. Anathokoza bwino ndithu, nathamangira basi.

Chitenjecho chinabwerera kunyumba patapita miyezi itatu, pa tchuthi cha sabata imodzi cha mu Febuluwale, chitasanduka jekete. Luntha anaipachika kuseri kwa chitseko, nati Lolemba akaipereka. Loweruka m'mawa anakwera sitima kupita ku Peckham kukalukitsa tsitsi, ndipo Newton anali kuntchito. Effie anatsala yekha ndi jekete ija, ndipo mukudziwa kale chimene anachita. Anaitembenuza.

Kunena zoona, mwanayo anali ndi diso. Mbalame za kumsana zinakumana bwino pakati, kolala inagona, manja sanakoke. Koma m'munsi monse, ndi kumapeto kwa manja, ndi pakamwa pa matumba, munalibe mpendero. Nsalu inangosiyidwa chodulidwa, ulusi uli lendelende ngati mphonje. Mipendero ya atsikana ake ija inali itadulidwa, osatsala ngakhale kachigawo kamodzi. Effie anakhala pabedi la mwanayo kwa kanthawi, jekete ili pamiyendo, ndipo chisoni chinamugwira kwambiri. Pambuyo pa chisoni panabwera mantha. Anakumbukira oyesa mayeso ochokera ku Zomba, mmene ankatembenuzira diresi lililonse atakhwinya nkhope. Mwana wa mphunzitsi wa zosoka akapereke chovala chosapinda? Anaganiza kuti Luntha nthawi yamuthera, ndipo akuchita manyazi kupempha thandizo.

Anatenga sizasi, nadula mphonje zonse mwaukhondo. Anapinda nsalu kawiri, nasita, nayamba kusoka pamanja msoko uja wobisika, umene singano imangotola kaulusi kamodzi ka nsalu kuti kunja kusaoneke kanthu. Anasoka kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma fili koloko, osadya, akung'ung'udza nyimbo ya kusukulu imene ankayesa kuti anaiwala. Kunja kunali mvula yowaza ya ku London, koma iye anali ku Dedza, Lachinayi. Pa zaka zonse zimene wakhala kuno, sanasangalalepo ngati tsiku limenelo.

Luntha amamva Chichewa chonse, koma amachilankhula pokhapokha zinthu zikavuta. Atabwerako ku Peckham analowa kuchipinda kwake, kenako anatuluka atanyamula jekete.

"Amayi, mwapanga chiyani?"

Effie anali akumwetulirabe pamene mwanayo anayamba kulira. Zotsalazo zinatuluka m'Chizungu, mothamanga, ndipo Effie anazitola pang'onopang'ono. Mphonje zija sizinali ulesi. Luntha anazisolola yekha ndi pini, ulusi umodziumodzi, milungu iwiri, ndipo analemba masamba atatu kufotokoza kuti jeketeyo ikunena za iye mwini, mwana wa ku Malawi wobadwira ku Barking, amene mbali zake sizinapindidwe. Komanso kuno sayesa chovala chokha. Amayesa buku lonse la zithunzi zoonetsa sitepe iliyonse, ndipo mwana amasayina kuti zonse wachita ndi manja ake. Bambo Roy anali ndi zithunzi za jekete ya mphonje. Akakaona mpendero umene mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi sangausoke, akanayenera kunena kwa akuluakulu a mayeso, ndipo ntchito ya zaka ziwiri ikanatha kupita m'madzi.

Effie anafuna kunena kuti kwathu chovala chosapinda ndi chosatha. Anafuna kufunsa kumene kunapita mipendero ya atsikana ake. Koma anayang'ana nkhope ya mwanayo, tsitsi latsopano lili bwinobwino, maso ali psuu, ndipo anangopepesa. Iye amene sanalolepo mtsikana aliyense kusokeredwa ndi mnzake anali atasokera mwana wake wa iye mwini chovala cha mayeso.

Lamulungu sanapite kutchalitchi. Luntha anayesa kumasula mpenderowo yekha, koma misoko inali ing'onoing'ono moti sankaiona, ndipo ankaopa kuboola nsalu. Anabweretsa jekete patebulo la kukhitchini, naiika patsogolo pa mayi ake. Effie anavala magalasi, natenga singano, nayamba kutola msoko umodziumodzi. Kumasula kunatenga nthawi yaitali kuposa kusoka, chifukwa anali atasoka kuti zisadzamasuke. Mbali imene wamaliza ankaisita kuti mzere ufufutike, n'kuikankhira kwa Luntha, amene ankasololanso ulusi ndi pini yake. Anakhala moyang'anizana tsiku lonse, monga mmene Effie ankalakalakira kwa zaka ziwiri, koma ntchito yake inali yophwasula.

Atafika padzanja lomaliza, Luntha anagwira nsaluyo kaye. Anaitembenuza, naiyang'ana kunja, naiyang'ananso mkati.

"How come sizikuoneka kunja?"

"Umangotola kaulusi kamodzi. Kamodzi basi, osati tiwiri," anatero Effie, ndipo anapitiriza kumasula, chifukwa mawu ena akanatuluka ndi misozi.

Jekete inafupika ndi chala chimodzi. Lolemba Luntha anakaulula zonse kwa Bambo Roy asanafunsidwe. Iwo anaunika m'munsi monse, napeza kuti palibe msoko wa munthu wina umene watsala, ndipo anamuuza kuti alembe nkhaniyo m'buku lake lija monga inachitikira. Madzulo Effie atafunsa, mwanayo anangoti zili bwino, nalowa kuchipinda. Effie anapuma, koma mtima sunakhale m'malo. Anabweza makina ake m'katoni, nawakankhira pansi pa bedi, poganiza kuti pakhomo pano za singano zatha.

Lachiwiri anali wolowa m'mawa. Luntha anali asanadzuke. Pafupi ndi ketulo, pamwamba pa kontena ya chakudya chake cha kuntchito, Effie anapeza kansalu kobiriwira kotalika ngati chikhatho, kokhala ndi phiko limodzi la mbalame yachikasu. Mbali imodzi inali yopindidwa kawiri ndi kusokedwa pamanja. Panalibe kalata iliyonse. Anakaika m'thumba la yunifolomu, chifukwa basi siidikira munthu.

Anakatulutsa atakhala pampando wam'mwamba, pawindo, basi ikudutsa pasiteshoni ya Barking. Anakatembenuza. Mpenderowo unayamba waukulu n'kuthera waung'ono. Misoko ina inatalikirana, ina inapanikizana, ndipo kunja inkaonekera pafupifupi yonse, chifukwa mwanayo ankatola timaulusi titatu kapena tinayi. Mfundo yomalizira inali yaikulu ngati njere ya mapira. Koma chapakati panali misoko isanu yotsatizana imene sinaoneke kunja ngakhale pang'ono. Effie anaiwerenga kawiri ndi chala, ndipo mayi amene anakhala naye pampando anamuyang'ana modabwa.

Atafika kuntchito anapempha Winfrida cholembera chofiira chimene amalembera pa tchati cha mankhwala. Anang'amba kapepala, nakhala kaye pang'ono, popeza panali patapita zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri asanachongepo ntchito ya mwana. Analemba folo pa teni. Pansi pake analemba kuti "Bwereza", ndipo anawonjezera mawu amene Mayi Bessie sanawalembepo: "Loweruka, ine ndili off."

Anabaya kapepalako ndi pini pansaluyo, naibweza m'thumba. Tsiku lonse, akusambitsa ndi kudyetsa okalamba ake, ankangoigwiragwira kuti aone ngati ilipo.