Amene Anandimana Tchuthi cha Meskel

Anzanga, ine ndinadziwana ndi Tenkir chifukwa cha singano.

Ndinali nditangoyamba ntchito pa fakitale ya nsapato m'tauni, ku Kality, makina anga akungothyola singano. Kunabwera mnyamata wamtali wodula zikopa, Tenkir ameneyo, n'kuima pambali panga.

"Chemwali, ukusoka nsapato kapena ukumenyana ndi makinawo?"

"Ngati ukuthandiza thandiza, apo ayi dutsa," ndinamuyankha.

Anaseka, n'kukonza. Atamva kalankhulidwe kanga anafunsa kwathu. Ndinati ku Ezha. Iye wa ku Cheha, pafupi pomwepa! Tonse a mtundu umodzi, Agurage. Masana amenewo tinagawana kocho, chakudya chakwathu, amene mayi ananditumizira, ndipo mtima wanga unapita osatsanzika.

Kwathu Meskel, chikondwerero cha mtanda chimene timayatsa chimoto chachikulu, si masewera. Mwana wosabwera kumudzi pa Meskel amayesedwa wotayika. Ndi nthawi yomwenso mnyamata amakaonetsa mtsikana kwa makolo, akuluakulu n'kudalitsa.

"Atsede, chaka chino kitfo, nyama ya pa Meskel ija, ukadyera pakhomo pa mayi anga," anandilonjeza Tenkir.

Ndiye tchuthi changa ndinachisunga ngati dzira. Chimfine chindigwire, ine kuntchito. Msuweni wanga anakwatiwa, ine osapita.

Kenako nyengo ya mvula zikopa zinasowa. Mwini fakitale, Ato Belachew, anatisonkhanitsa panja.

"Titseka kaye mpaka zikopa zibwere. Chimenecho ndiye tchuthi chanu cha chaka chino."

"Bwana, ife sitinapemphe!" anakuwa wina kumbuyo.

"Fakitale ndi yanga. Tsiku lotsegula ndi lotseka ndimasankha ine. Amene zamunyasa, geti ilo."

Tchuthi chimene ndinachivutikira chinathera m'kachipinda ka lendi, ndikumvera mvula padenga. Ndinalira, sindinama.

Meskel itayandikira kunabwera oda yaikulu ya nsapato za ana asukulu. Ato Belachew analamula kuti ena apite kumudzi mosalipidwa, ena atsale. Apa n'kuti Tenkir atakwezedwa kukhala kapitawo wathu, ndiye ine mumtima ndinati zanga zayera.

Anabwera pa makina anga nkhope ili yakugwa.

"Ndayesetsa, Atsede... Mdala uja wakanitsitsa. Akuti iwe ndiwe dzanja lake, sungachoke."

"Nanga iwe?"

"Ine ndipita. Ndikawauza mayi za iwe, usadandaule."

Ndinamuperekeza kokwerera basi. Ndinamupatsa khofi ndi nsalu yoyera ya m'mphepete mobiriwira imene ndinagulira mayi ake. Pobwerera ndinatukwana Ato Belachew njira yonse, mpaka makolo awo omwe.

Tsiku loyatsa moto wa Meskel, anzanga akuvina kumudzi, ine ndinali pa makina. Foni ya Tenkir osapezeka. Ndinkadzitonthoza kuti ndi netiweki ya kumudzi.

M'mawa mwake mkwiyo unandifika pakhosi. Ndinalowa mu ofesi osagogoda.

"Bwana, munandidyera tchuthi nthawi ya mvula, lero mwandimananso Meskel. Ndinakulakwirani chiyani ine?"

Anavula magalasi n'kundiyang'ana modabwa.

"Mwana wanga, ine ndinangonena kuti atsale angati. Amene anasankha anthuwo ndi kapitawo. Ndinachita kumufunsa kuti kodi Atsede si wakwanu uyu, sapita? Iye anati wapempha wekha kutsala."

Anzanga, ndinatuluka osatsanzika n'komwe.

Zotsalazo anandiuza Werke, mnzanga wa makina oyandikana nane, amenenso kwawo ndi ku Cheha. Atangobwerako anandikokera kuseri.

"Limba mtima, m'bale wanga. Makolo ake anamupezera mtsikana kalekale. Pa Meskel pomwepa ndi pamene akuluakulu awadalitsa. Ndinaona ndi maso angawa."

"Mayi ake analipo?"

"Ee, akululutira kuposa aliyense. Atafunda nsalu yatsopano, yoyera, ya m'mphepete mobiriwira..."

Ndinangoti zikomo.

Tenkir atabwera ndinamudikira pageti.

"Bwanji sunangondiuza?"

"Ukanapita zikanavuta, Atsede. Ndimakuteteza."

"Umateteza ine kapena mwambo wako? Ndipo nsalu ija unawauza kuti wagula ndani?"

Anayang'ana pansi, kenako anati belu lalira, tichedwa.

Ato Belachew ndi ouma mtima, sindikuwaikira kumbuyo. Koma iwo anandilanda tchuthi masanasana, anthu onse akuona. Tenkir anandilanda akundigwira dzanja.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi ichi, anzanga. Ntchito sindingasiye, mayi anga amadalira ine. Tenkir akadali kapitawo wanga, m'mawa uliwonse amadutsa pa makina anga ngati sitidziwana. Ndipo chaka chamawa, ndikadzafuna kukaona mayi pa Meskel, wokamupempha ndi iye yemweyo.