Khutu Langa Lamanzere

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndikukhala kwa azakhali anga ku Kabwata, pamene anamwino anabwera kusukulu kudzatibaya katemera. Anzanga anangodandaula kuti mkono ukuwawa. Ine sabata yomweyo ndinadzuka khutu lamanzere likulira ngati fuliji yakale, mawu onse a mbali imeneyo atazima.

Azakhali anandiitana ali kukhitchini, ine osamva. Anandipeza ndikusesa pakhonde.

"Iwe, ulibe matu?"

"Ba anti, khutu ili silikumva."

"Lizamva lelo," anatero, pama n'kugwera pa khutu lomwelo.

Ana awo anapezerapo masewera. Ankaima kumanzere kwanga n'kumanditukwana chapansipansi, ine n'kumamwetulira poona iwo akuseka.

Azakhali atakhulupirira kuti sindikunama, sanapite nane kuchipatala. Anapita nane kumsika wa Soweto, kumene ankagulitsa tomato. Iwo anali atakana katemera kalekale, ndiye tsopano anapeza umboni woyenda ndi miyendo. Ankandiimika pakati pa mabokosi, m'fungo la tomato woola, n'kunditseka khutu labwinolo ndi chala chawo. Kenako ankauza amayi a pamsika kuti ayese kunditchula dzina.

"Mwaona jakisoni wanu?" ankatero. Anthu ankagwedeza mitu, ena n'kugulako tomato. Palibe anandifunsapo ngati ndikumva kuwawa.

Patapita miyezi, amayi anga anabwera kuchokera ku Katete. Atangoona mmene ndinkapendekera mutu polankhula nawo, anatikoka ine ndi azakhali mpaka kwa dokotala wa makutu. Iye anandiyeza nthawi yaitali.

"Kaya ndi katemera, kaya ndi matenda ena, sindingatsimikize," anatero. "Zotere zimachitika mwa apo ndi apo, ngakhale kwa osabayidwa. Mukanabwera naye masiku oyambirira, tikanayesa mankhwala. Pano mwachedwa."

Amayi anatembenukira azakhali n'kuwayang'anitsitsa.

"Musaniyangane so, mulamu," anatero azakhali. "Nanga tomato sembe anagulitsa ndani?"

Khutu lija silinamvenso. Mpaka lero sindidziwa chimene chinalipha, ndipo ndinasiya kufunsa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwina likanapulumuka, anthu akanaona mwana wodwala m'malo moona mpata wopambana mkangano. Pano mwana akandiuza kuti china chake chasintha m'thupi mwake, ndimasiya chilichonse chimene ndagwira, n'kumutembenuzira khutu limene linanditsalira.