Dzina la pa keke ya Chisomo

Lolemba lapitali ndinavundukula chitenje chimene chinaphimba purinta ya mkazi wanga. Chinakhala pamenepo kuyambira pa maliro ake, mvula isanagwe, mpaka tsopano fumbi labwereranso.

Kwa inu amene simunaionepo, si purinta ya mapepala. Ndi kamakina kotalika ngati ndowa, kokhala pa tebulo. Kamakoka ulusi wa pulasitiki wokulungidwa pa gudumu, n'kuusungunula m'kamlomo kotentha, n'kumauyala pa galasi mzere pamwamba pa mzere mpaka chinthu chitaima. Mkazi wanga Nelia ankaphika makeke kuno ku Mtendere, ndipo purintayo ankapangira maina oimika pamwamba pa keke. Pogawa katundu maliro atatha, azakhali ake anaizungulira, wina n'kufunsa ngati ndi sikelo ya nyama. Palibe anaifuna. Inatsala ndi ine.

Mng'ono wake wa Nelia, Chisomo, akukwatiwa Loweruka lino. Dzina la pa keke yake Nelia analijambula kale pa kompyuta asanadwale: "Chisomo na Mwape", zilembo zopendekeka monga ankalembera pamanja. Chinatsala n'kulisindikiza basi. M'tauni alipo amene akanapanga lina, koma Chisomo anati keke yake ikhala ndi la mkulu wake, apo ayi ikhala yopanda kanthu pamwamba.

Ndiye ndinayatsa.

Kamlomo kanatentha. Kagudumu kokankha ulusi kanayamba kulira, tha, tha, tha, koma pa galasi sipanagwe kanthu. Phokoso limenelo ndimalidziwa. Nelia akalimva ali pa uvuni ankakuwa osatembenuka n'komwe: "Ba Phiri, mwana wanu watsamwa!" Purinta ikamayenda bwino inali yake, ikatsamwa inali yanga. Komatu wokonza anali iyeyo. Ine ndinkangogwira foni kumuunikira, iye akunditukwana mwachikondi kuti ndikuunikira chigongono chake.

Ndinachita zimene ndinkamuona akuchita. Ndinakweza moto, n'kukoka ulusi chobwerera m'mbuyo. Unatuluka nsonga yake itatupa, yakuda. Ndinalowetsa singano yopyapyala m'kamlomo, n'kuyesanso. Ulusi unatuluka, koma ukuthetheka ngati kapenta m'mafuta, ndipo nditaupinda pang'ono unathyoka. Unali utamwa chinyezi cha dzinja lonse. Nelia magudumu ake ankasunga m'ndowa yotseka, pamodzi ndi timapaketi touma tija timabwera m'bokosi la nsapato. Gudumu ili lokha linatsala pa makina, ndipo ine ndinangoliphimba.

M'ndowa muja ndinapezamo lagolide, lotsekedwa bwino ndi manja ake. Limenelo linayenda osatsamwa.

Kodi n'chifukwa chiyani timaphimba? Lowani m'nyumba za m'makomboni athu, muona. Ku Chawama kuli makina osokera a malemu amayi, ali pansi pa nsalu, pamwamba pali maluwa apulasitiki. Ku Kalingalinga kuli makina owotcherera zitsulo amene ana amawalambalala ngati manda. Ndili mwana ku Matero, wailesi ya agogo aamuna inakhala pa kabati zaka zambiri, ndipo woigwira ankamenyedwa dzanja. Tsiku limene amalume anaitsegula, mabatire anali atadontha n'kudya mkati monse.

Timati ndi ulemu. Mwina ndi ulemudi. Koma dzimbiri silidziwa za ulemu, ndipo eniake zinthu zimenezi sankazisiya tsiku n'limodzi lomwe.

Vuto lachiwiri linandigwira masiku angapo. Ulusi unkatuluka bwino, koma sunkamatirira pa galasi. Chilembo choyamba chinkayamba bwinobwino, kenaka ngodya n'kutukuka, kamlomo n'kuchikoka, zonse n'kusanduka chisa cha mbalame. Galasi lotenthalo eni ntchitoyi amalitcha bedi. Ndinaliwongola ngodya zonse, ndikulowetsa pepala pansi pa kamlomo kuti mpata ukhale wa pepala limodzi. Ndinatseka chitseko kuti mphepo isaombe. Ndinachepetsa liwiro. Chisa, chisa, chisa.

Lachitatu apongozi anga, amayi ake a Nelia, anaimba foni kufunsa ngati zinthu zikuyenda.

"Vuto ndi bedi, amayi," ndinatero. "Landikanika."

Iwo anati, "Bambo, musadzikakamize. Yalani mphasa pabalaza. Inenso abambo awo atapita ndinagona pansi mpaka kukolola."

Sindinawawongolere. Sanaphonye kwenikweni.

Chimene sindinauze munthu n'chakuti mankhwala ake ndinkawadziwa kuyambira tsiku loyamba. Aliyense wogwiritsa ntchito makina amenewa amadziwa: pulasitiki sigwira pamene pali mafuta. Galasi limafuna madzi ofunda ndi sopo wa mbale. Koma nditalichotsa n'kulipendeketsa pakhomo, padzuwa, ndinaona zala. Zidindo za zala zazing'ono m'mbali monse, zina zopakana. Batala wa keke yake yomaliza.

Ndinalibwezera pamalo pake, n'kupitiriza kuwongola ngodya zimene zinali zowongoka kale.

Dzulo masana Chisomo anabwera, tsitsi ataluka theka, theka lili m'duku. Anayang'ana mulu wa zisa zagolide pa tebulo.

"Ba mulamu, mwayamba kuweta mbalame? Vavuta pati?"

"Galasi ifunika kusuka na sopo."

"Ndiye sukani, kaili! Olo sopo yasila nikagule?"

Ndinachotsa galasi, n'kumupatsa, n'kumulozera pakhomo. Analipendeketsa padzuwa monga ndinachitira ine. Nthabwala zinatha. Anaima pamenepo nthawi yaitali, kunja ana akukangana za mpira.

"Aka ni kachala kao ka kumanzele," anatero. "Onani kamzele. Ni paja banazicheka na mpeni, tili bang'ono, pocheka mango. Banauza amama ati nine ninabacheka."

Nkhani imeneyo sindinkaidziwa. Chipsera ndinkachidziwa bwino, koma za mango ayi.

"Ngati ni so, siyani chabe," anatero motsitsa mawu. "Keke izadyewa olo ilibe zina."

Apa m'pamene ndinachita manyazi. Mwana wa eni ake anali wokonzeka kutaya mphatso ya mkulu wake kuti ine ndisunge batala. Ndinatambasula dzanja kuti andipatse ndikatsuke. Iye sanandipatse. Analitembenuza, n'kuliyang'ana kunsi.

"Nanga kumbuyo kwake kuli chani?"

Kunalibe kanthu. Fumbi chabe.

Ndinatsuka mbali imeneyo yokha, ndi kansalu, nditagwira m'mphepete ngati chithunzi. Ndinaliika chotembenuza, zala za Nelia zili pansi, pa chitsulo chotenthetsa. Ndinawongolanso ndi pepala. Mzere woyamba unagona pa galasi mosalala, osatukuka. Wachiwiri unagona pa woyamba. Chisomo anakoka mpando, tonse n'kumayang'ana chilembo cha C chikukwera pang'onopang'ono, chopendekeka ngati cha m'kalata zake.

Ndikudziwa kuti ndazemba. Moto udzazifufuta zala zija pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina ndidzatembenuza galasi n'kupeza palibe. Koma zidzatha makina ake akugwira ntchito yake. Zimenezo ndikhoza kuzipirira.

Purinta itamaliza, Chisomo anathamangira mpeni kuti azule dzinalo. Ndinamugwira mkono. Chinthu chikamatirira bwino pa galasi lotentha sachikakamiza, chimathyoka kapena kuswa galasilo. Umangodikira. Galasi likazizira, chimadzimasula chokha.

Inu amene mumatipeza ife ofedwa pa sitolo n'kutiuza kuti, "Iwalani, mukali anyamata," ndikudziwa kuti mumatifunira zabwino. Koma mpeni mumauthamangira bwanji?

Tinakhala pansi n'kudikira. Chisomo anandiuza za azakhali amene akukangana za mtundu wa zitenje, ndi za Mwape amene nsapato zake zatsopano zikumuluma. Ndinaseka, n'kudabwa kuti ndaseka. Tili mkati mocheza tinamva kaphokoso kakang'ono pa tebulo, thyo. Dzina linali litamasuka. Analinyamula ndi manja awiri, n'kulikulunga m'duku lake, tsitsi losamaliza lija lili poyera.

Atafika pakhomo anatembenuka.

"Pa Chiwelu, pa ukwati, muzaiika ndimwe pa keke. Ine manja yazankhala yanjenjema."

"Na yanga yazanjenjema, mulamu."

"Ndiye tizagwila babili," anatero. "Koma mukagete ndevu izo. Mwaoneka monga muzabwela kugwila bankhongole."