Dimba la M'kaseti

Achimwene anga amakonza mafoni. Kashopu kawo kali kunsi kwa masitepe a nyumba yosanja, kakang'ono koti ukatambasula manja umakhudza makoma onse awiri. Anthu a mumsewu amangowatchula kuti a Mawaya. Kuyambira ali mwana sankafuna kuona chinthu chili chotseka. Wailesi ya bambo anaimasula katatu, ndipo kachitatuko inayamba kulankhula bwino kuposa kale.

Akazi awo, alamu anga, anadwala chaka chathunthu. Ali chigonere ankasewera kagemu kakale ka m'manja, kotuwa, kolowetsa kaseti kumsana. Gemu yake inali yolima. Analima dimba m'menemo: maluwa mizeremizere, chitsime, kanyumba ka zenera limodzi. Atatisiya, dimba lija linatsala.

Tsiku lina achimwene anatsegula kasetiyo n'kundionetsa kabatire kangati batani la malaya.

"Dimba lonse likupumira apa, chemwali. Kakangofa aka, maluwa onse apita. Ukakachotsa kuti uike kena, apitanso."

Ankakapima ndi mita yoyezera magetsi. Sabata iliyonse manambala ankatsika.

Ndiye anaganiza zopanga kaseti yawoyawo, yosadalira batire, kuti asamutsiremo dimbalo. Anajambula pulani papepala, anadula kabolodi kobiriwira, n'kupeza katchipi kakuda kosaiwala zinthu, ka miyendo makumi atatu ndi iwiri ngati bongololo. Mwendo uliwonse ndi waya wake, woonda ngati tsitsi. Masana makasitomala akachepa ankawotcherera. Kautsi ka mtovu kankakwera pang'onopang'ono m'kuwala kwa pakhomo, iwo mutu atapendeketsa ngati akumva munthu akuthirira mbewu kuseri kwa khoma.

Kaseti yoyamba inakana. Yachiwiri inangoonetsa mizere yakuda.

Ine ndimasoka zovala. Lachinayi lina ndinadzera kushopu kwawo, mwana wanga ali kumbuyo.

"Atelala, mwabwera kudzandiseka?"

"Ndabwera kudzaona ngati mwadya. Nanga ndevuzi mukusungira ndani?"

Sanaseke. Anandikankhira pepala lija ndi kabolodi. Ine zamagetsi sindizidziwa, sukulu ndinalekeza ku pulayimale, koma pateni ndimaidziwa. Ndinayang'ana pepala, ndinatembenuza kabolodi, ndinayang'ananso pepala.

"Achimwene, pojambula apa munkayang'ana kumaso kwa bolodi?"

"Eya."

"Nanga powotcherera?"

"Kumsana, kumene kuli miyendoko."

"Powerenga miyendo munayambira kumanzere konse kuwiri?"

Anatenga pepala lija n'kuliyang'ananso. Ine ndinapitiriza:

"Ndiye mwadula manja a malaya awiri akumanzere. Inenso zinandichitikira pa yunifolomu ya namwino wina. Nsalu ukaitembenuza, kumanja kumasanduka kumanzere."

Anagwira kumutu, kenaka anaseka mpaka misozi.

"Zaka zonsezi ndili pa mawaya, lero andiwongole wa singano!"

Tinayambiranso. Mawaya ndinkagwira ine, monga ndimalowetsera ulusi pasingano, iwo n'kumadontheza mtovu. Mwana ankagona kumsana kwanga, mpweya wake ukundifunditsa pakhosi. Panja magalimoto ankadutsa, koma ankamveka ngati ali kutali kwambiri. Tinatha masana atatu.

Loweruka analumikiza makaseti onse awiri, yakale ija ndi yathu, ku kompyuta ndi chingwe. Kamzere kanayenda pasikirini, pang'onopang'ono, mpaka kumapeto. Anatenga kaseti yathu ija, mawaya ali pamtunda ngati mizu, n'kuilowetsa kumsana kwa kagemu. Anayatsa.

Kanalira kamodzi, ting'.

Kagalasi kanayera, kenaka maluwa anayamba kuonekera, mzere ndi mzere. Chitsime chinalipo. Zenera lija linalipo. Pakati pa dimba panaima kamunthu kovala chipewa, kandowa kali m'manja, pamene alamu anakasiya. Timitambo tinkayenda m'mwamba mwa dimbalo. Ndinamva ngati fungo la dothi lonyowa, m'shopu ya mafoni.

Achimwene anaika chala pabatani, pamene chala cha alamu chinaperesa penti. Anakhala choncho nthawi yaitali osadina.

"Ankathirira mzere wachitatu," anatero. "Sanamalize."

Anadina. Kamunthu kanayenda, duwa ndi duwa, mpaka kumapeto kwa mzere.

Kabatire kakale kanafa patapita masabata awiri. Achimwene anakaika m'kabotolo ka masikuluwu. Masiku ano mukafika pashopu pawo dzuwa lili pamutu, muzidikira kaye pang'ono. Amakhala akuthirira.